Kompyuta Ikazima N'kukana Kuyaka, Yambirani Pakhoma

Chaka chatha mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinali pakati potayipa pulogalamu ya maliro. Mayi amene anabweretsa ntchitoyo anali atakhala pabenchi, kapepala ka mayina a olankhula ndi nyimbo za kwaya kali m'manja, ndipo mwambo unali wa mawa lake m'mawa. Ndili pa dzina lachitatu, skrini inasanduka yabuluu, kenako kompyuta inazima. Nditadina batani, fani inangozungulira pang'ono n'kuima. Ndinadinanso, chimodzimodzi.

Mnyamata wina amene ankadikira fotokope anati, “Achimwene, imeneyo ndi vairasi, ingofomatani.” Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri muno mu Blantyre ndipo amandipweteka mtima. Kompyuta yoti fani yake ikungozungulira n'kuima sinafike n'komwe pa Windows, ndiye kufomata, komwe ndi kufufuta zonse za pa disk, kukonza chiyani? Chikhalirecho m'kompyuta imeneyo munali ma CV a anthu, makalata a mipingo ndi ntchito za ana a sukulu zimene ndinasunga kwa zaka zinayi. Kamalo kanga kotayipira kali ku Zingwangwa. Ma desktop ndatsegula ambiri, anga ndi a anzanga, ndipo njira yanga sisintha: ndimayambira pakhoma, n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono, ndikasintha chinthu chimodzi ndimayesa kaye ndisanagwire china.

Musanatenge skuludiraiva, dinani batani loyatsira n'kutchera khutu. Ngati kuli zii, palibe kanyali kapena phokoso la fani, nkhani ndi ya magetsi. Ngati fani ikuzungulira koma skrini ili bii, vuto lili m'bokosimo, kawirikawiri ndi RAM, timatabwa tosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito. Ngati chizindikiro cha Dell, HP kapena Lenovo chikuoneka koma Windows sikulowa, maso anu akhale pa hard disk, momwe mumasungidwa Windows ndi mafayilo anu. Dziwani kaye kuti muli pati mwa zitatuzi, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Tiyambe ndi ya zii. Lumikizani tchaja cha foni pa soketi yomweyo muone ngati pali moto. Chotsani ekistenshoni, kompyuta ilowe pakhoma mwachindunji. Ma ekistenshoni otchipa amasungunuka m'kati osaonekera kunja. Pulagi yathu ya mano atatu ija ili ndi fyuzi m'kati mwake, ndipo magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira, nthawi zina imene imapsa ndi fyuziyo basi. Njira yachidule yodziwira ndi kusinthanitsa chingwe cha monitala ndi cha kompyuta, popeza pa makina ambiri zingwe ziwirizi n'zofanana. Onaninso kumbuyo kwa bokosi ngati pali switchi yolembedwa I ndi O. Ikhale pa I.

Kumbuyo komweko, pa makompyuta ena akale, pali kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu kuno ndi a 230 volts, pomwe ku America amagwiritsa ntchito ochepera, ndipo makina ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kumeneko amatha kufika kaswitchiko kali pa 115. Mnzanga wa ku Chilomoni analandira kompyuta yotere kuchokera kwa m'bale wake, anangoilumikiza, kunamveka kuphulika ndi fungo la kupsa. Kompyuta iliyonse yachilendo ikalowa m'nyumba mwanu, yang'anani kaswitchi kameneka musanailowetse pakhoma.

Zonsezi zikakhala bwino, zulani chingwe cha magetsi, chotsani printa, fulashi, sipika ndi chilichonse cha USB, kenako dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Izi zimatsitsa moto wotsalira m'kati. Magetsi akathima n'kubwera, kuthimanso n'kubweranso motsatizana, power supply, kabokosi kogawa moto m'kompyuta, imatha kudzitseka yokha podziteteza, ndipo kungochita zimenezi kumaidzutsa. Bwezerani chingwe muyese. Koma mukaona mababu m'nyumba akuwala mofooka, musayatse kompyuta, dikirani moto ukhazikike.

Ikapitiriza kukhala chete, ganizirani power supply, kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha magetsi chimalowa. Chonde musakatsegule. M'kati mwake muli ma capacitor amene amasunga moto wotha kuvulaza munthu ngakhale chingwe chili chozula. Kuyesa kwake kumachitikira kunja. Ma Dell OptiPlex ambiri ali ndi kabatani ndi kanyali kumbuyo kwa power supply: mukadina kabataniko kanyali n'kuyaka kobiriwira, fani n'kuzungulira, ndiye kuti ili moyo. Pa power supply wamba ya ATX, imene pulagi yake yaikulu ili ndi mabowo 24, zimitsani pakhoma, zulani mapulagi ake onse pa motherboard (thabwa lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo), pindani kawaya kopanira mapepala, mbali imodzi mulowetse pa bowo la waya wobiriwira, inayo pa la waya wakuda aliyense, kenako muyatse pakhoma. Fani ikazungulira, yadzuka. Amene ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera moto, ayeze: waya wachikasu apereke 12 volts, wofiira 5, wa olenji 3.3. Dziwani kuti ma HP ndi Dell ang'onoang'ono ambiri ali ndi mapulagi awoawo osiyana ndi ATX, ndiye pa amenewo za kawaya zisiyeni. N'chifukwa chakenso pokagula power supply ina ku Limbe kapena m'tauni muzinyamula yakufayo, mukayerekeze mapulagi ndi kukula kwake musanapereke ndalama.

Tsopano tilowe m'bokosi. Zulani chingwe pakhoma, gonekani bokosi patebulo, tsegulani chivundikiro, ndipo musanakhudze kanthu gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti moto wa m'thupi uchoke. Jambulani ndi foni mmene mawaya alumikizidwira. Pobwezera mudzachifuna chithunzicho. Nunkhizani. Fungo la pulasitiki yopsa likuuzani komwe kwawonongeka musanaone n'komwe. Yang'anani timigolo ting'onoting'ono toimirira pa motherboard, ma capacitor aja: pamwamba pake pakhale pafulati. Kamene katupa kapena kakutuluka zinthu zofiirira kafa, ndipo kompyuta yotere imazima yokha kapena kuyaka tsiku lina, lina ayi.

Tsiku la maliro lija, nditatsegula ndinapeza fumbi litamatirira pakati pa fani ndi heat sink, chitsulo cha mizeremizere chokhala pamwamba pa purosesa (ubongo wa kompyuta), ngati bulangeti. Kamalo kanga kali pafupi ndi msewu wafumbi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi lonse limene maminibasi amadzutsa fani imalikokera m'kati. Purosesa ikatentha kupitirira muyezo imadzizimitsa yokha kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta imagwira bwino m'mawa, n'kumazima masana, ndipo ukaisiya kuti izizire imayakanso. Yanga inali itachita zimenezi kangapo sabata imeneyo. Tulutsani bokosi panja, pukutani ndi bulashi youma yopentera, muuzire ndi blower ngati muli nayo, chala chili pa fani kuti isazungulire mothamanga n'kuwonongeka. Musauzire ndi pakamwa, malovu amalowa. Mudzapezamonso mphemvu, nyerere, ngakhale nalimata wouma. Zimakonda kufunda kwa m'menemo ndipo zimatha kugundanitsa moto. Mukachotsa heat sink, musaibwezere popanda thermal paste yatsopano, kaphala kothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku heat sink. Pukutani yakale youma ija, ikani kadontho kofanana ndi njere ya mpunga pakati pa purosesa. Mankhwala otsukira mano si thermal paste, ngakhale ena amanena choncho.

Koma fumbi lokha silinali lomwe linakaniza kompyuta yanga kuyaka. Inali RAM. Timatabwa titalitali tija timagwidwa ndi tizipani m'mbali. Kankhirani tizipanito kunja, kathabwa kamatumphuka kokha. Kagwireni m'mphepete, osati pa mano agolide. Manowo apukuteni pang'onopang'ono ndi labala woyera wofufutira pensulo, chotsani nyenyeswa zake zonse, uzirani ndi blower m'kanjira momwe kamalowa. Nyengo ya chiperoni chinyezi chimasakanikirana ndi fumbi n'kupanga litsiro pa mano amenewa, moti moto sudutsa bwino. Pobwezera, onani kampata kali pakati pa mano kagwirizane ndi kachitunda ka m'kanjira, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tizipani titseke tokha. Mitundu ya RAM ya DDR3 ndi DDR4 ili ndi kampata pamalo osiyana, ndiye RAM yobwereka ikakana kulowa musaikakamize.

Ngati muli ndi ma RAM awiri, bwezerani imodzi yokha muyatse. Ikakana, ichotseni muike inayo. Ikakananso, sinthani kanjira. Mwanjira imeneyi ndinapeza kuti mwa ma RAM anga awiri imodzi inali itafa. Itangochoka, kompyuta inayaka ndi inzakeyo. Fayilo ya pulogalamu ya maliro ija Word inali itaisunga yokha, panangosowa mizere iwiri. Ndinati, “Mayi, pepani pokuchedwetsani, tiyeni timalize,” ndipo ananyamuka ndi mapepala awo dzuwa lisanalowe.

Kompyuta nayo imalankhula, kungoti ambiri sitimvera. Ma HP Compaq a m'maofesi akale aja amalira n'kuphethira kanyali kofiira: kawiri ndiye kutentha, kanayi ndi power supply, kasanu ndi RAM, kasanu n'kamodzi ndi mbali ya zithunzi. Dell imaphethira kanyali ka olenji pa batani loyatsira, ndipo ma OptiPlex ena akale ali ndi tinyali ta manambala 1, 2, 3, 4. Tanthauzo limasiyana malinga ndi mtundu, choncho werengani kulirako, lembani nambala ya model, mufufuze pa intaneti ndi foni. Kuyesa kwina kumene ndimakukonda ndi uku: chotsani RAM yonse muyatse. Makina okhala ndi kasipika m'kati akalira kudandaula kuti RAM palibe, dziwani kuti motherboard ikadali ndi moyo.

Musaiwale monitala. Chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chimamasuka kapena kupindika mano. Ngati kompyuta ili ndi graphics card yapadera (kathabwa kotumiza zithunzi ku skrini), chingwe chilowe pa card imeneyo, m'munsi, osati pa bowo la motherboard. Mukhozanso kuchotsa card yonseyo n'kuyesa popanda iyo.

Pa motherboard palinso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka 3 volts. Kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanalowe. Kakatha, tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo, kompyuta imaima n'kukupemphani kudina F1, ndipo ena mwa makina amakaniratu kuyaka. Kamapezeka kwa okonza mawotchi. Kukachotsa kwa mphindi 5 chingwe chili chozula kumabwezera BIOS mmene inachokera ku fakitale. Apa pali msampha: zikatero makonzedwe a SATA (mmene kompyuta imalankhulira ndi disk) amatha kusintha, kuchoka pa AHCI kupita pa RAID kapena IDE, ndipo Windows imabweretsa skrini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Disk sinafe. Lowani mu BIOS, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, mubwezere mmene zinalili.

Tafika pa kompyuta imene ikuonetsa chizindikiro cha kampani koma osapitirira. Ikalemba kuti No boot device kapena mawu ofanana nawo, onani kaye ngati simunaiwale fulashi pa USB. Kenako lowani mu BIOS muone ngati hard disk ikuoneka. Ngati sikuoneka, zulani n'kubwezera zingwe zake ziwiri, cha data ndi cha magetsi. Mverani disk. Ikamagogoda kuti kha, kha, kha, zimitsani nthawi yomweyo, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera kukalika kwa m'kati momwe muli mafayilo anu. Pa Dell, F12 imakupatsani Diagnostics yoyesa disk ndi RAM popanda Windows.

Disk ikamaoneka, choyamba ndi kupulumutsa mafayilo, kukonza kubwere pambuyo. Ichotseni muilumikize pa kompyuta ya mnzanu ngati disk yachiwiri, kapena yatsani kompyuta yanu ndi fulashi ya Ubuntu (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows) posankha kuyesa osati kuika, mukopere zonse za mu foda ya Users kupita kwina. Ngati disk inatsekedwa ndi BitLocker, idzafuna kiyi ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft.

Mafayilo akakhala pabwino, yatsani kompyuta, chizindikiro cha Windows chikangooneka izimitseni ndi batani, mubwereze kawiri kapena katatu. Windows 10 ndi 11 zimatsegula zokha Automatic Repair. Pitani pa Advanced options, Troubleshoot, muyese Startup Repair. Ikalephera, Startup Settings, Restart, n'kudina 4 kuti mulowe mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha. M'menemo chotsani driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo ngati printa) kapena pulogalamu imene munaika vuto lisanayambe, kapena gwiritsani ntchito System Restore, imene imabwezera Windows mmene inalili tsiku lina lam'mbuyo. Magetsi akathima Windows ili pakati pa update, mafayilo ake amaonongeka. Pa Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo, chkdsk ndi sfc /scannow zimakonza zambiri zotere. Skrini yabuluu ikabwera muziijambula ndi foni, chifukwa mawu a pansi aja ndiwo umboni. MEMORY_MANAGEMENT, mwachitsanzo, imakubwezerani ku RAM, ndipo pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86 yoikidwa pa fulashi n'kusiyidwa usiku wonse idzakuuzani zoona. Kuika Windows yatsopano kumabwera apa, zonsezi zitakanika. Amene mudakali pa Windows 10 mudziwenso kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.

Ma capacitor otupa, fungo la kupsa pa motherboard ndi disk yogogoda, zimenezo ine ndimapita nazo kwa amisiri. Ndisananyamule bokosi ndimalemba papepala zimene ndayesa kale, kuchuluka kwa RAM ndi kukula kwa disk. Ngati vuto si la disk, ndimaichotsa n'kuisiya kunyumba m'kabati, kuti mmisiri ayesere ndi yake. Ngati iyenera kupita nawo, ndimamata kapepala pamwamba pa bokosi kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSAFOMATE MUSANANDIIMBIRE, ndipo ndimawauzanso pakamwa ndisanachoke pa kauntala.