Nsima ikayamba kukakamira pakhosi: ulendo wa ku Central ndi fomu ya kafukufuku

Munthu wamkulu akayamba kutsitsira madzi mbamu iliyonse ya nsima, ndipo zapitirira milungu iwiri kapena itatu, musadikire kuti afike pokanika phala. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri kuno ku Dedza, ndipo ambiri odwala khansa ya kummero amene ndawaona anabwera akulavulira malovu m'kachitini. Nthendayi imayamba ndi kuvutika kumeza zolimba, nyama, chimanga chokazinga, nsima. Kenako phala, pomaliza madzi. Ikafika pamadzi, chotupa chimakhala chitatseka pafupifupi njira yonse ndipo madokotala a opaleshoni amatsala ndi zochepa zochita. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndiye musataye miyezi mukufufuza amene walodza bambo anu.

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ku Lobi, ku Kasina kapena ku Mtakataka. Mukalowa, musangoti "m'mimba" kapena "chifuwa", chifukwa mawu amenewo amapangitsa aliyense kuganiza za zilonda za m'mimba. Wodwalayo aloze pamene chakudya chikuima, anene mwezi umene zinayamba, anene chimene akutha kumeza lero ndi chimene chakanika. Pemphani kuti akwere sikelo ndipo kulemera kwake kulembedwe m'buku lake la kuchipatala. Asakane kuyezetsa HIV. Mwa anthu amene chitetezo chatsika, kuvutika kumeza nthawi zambiri kumabwera ndi mafangasi oyera a kummero, ndipo amenewo amatha ndi mankhwala a fluconazole. Koma mankhwala akatha zinthu osasintha, bwererani mukapemphe kalata yopita kuchipatala cha boma cha Dedza, ndipo kumeneko adzakulemberani ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1. A ku Ntcheu nawonso amatumizidwa ku Kamuzu Central komweko.

Gadiyani asankhidwe wamphamvu, wotha kufunsa, makamaka wodziwa kuwerenga. Atenge ufa, poto, chitenje chofunda ndi kope lolembamo zimene adokotala anena, chifukwa mukafika kumudzi amalume adzafuna kumva zonse ndipo mutu sukhala utasunga.

Ku Central chachikulu ndi endoscopy. Amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera m'kamwa, atapopera mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi. Wodwala asadye kanthu kwa maola osachepera 6, ndiye ngati tsiku lake ndi m'mawa, chakudya chomaliza chikhale cha usiku. Akaona chotupa amabudula kanyama kakang'ono n'kukatumiza ku labu. Zotsatira zimatenga milungu. Musachoke musanafunse tsiku lobwerera ndi chipinda chimene mudzazipeze, ndipo siyani nambala ya foni imene imakhala yoyaka.

Zotsatira zikatsimikiza khansa, njira zimadalira pamene yafika. Ngati sinafalikire ndipo munthu ali ndi mphamvu, pali opaleshoni yodula mbali yodwala ya mmero n'kukokera chifu m'mwamba kuti chilumikizidwe ndi mbali yotsala. Ndi opaleshoni yaikulu, ya maola ambiri, ndipo chimene chimavuta kwambiri pambuyo pake ndi chibayo. N'chifukwa chake amajambula chifuwa kaye. Amene anadwalapo TB anene, ngakhale anamaliza mankhwala kalekale, popeza TB imasiya zipsera m'mapapo ndipo mapapo otere mwina sangapirire. Wosuta fodya asiye tsiku lomwelo, chingambwe chomwe. Kwa ambiri amene afika mochedwa, amaika stent, kapaipi ka waya wolukana kamene kamafutukuka m'kati mwa chotupa n'kutsegula njira. Stent sichiza khansa. Imabweza kumeza, ndipo kwa munthu amene wakhala miyezi akuyang'ana anzake akudya, chimenecho si chaching'ono.

Tsopano nkhani ya kafukufuku, imene ndimaona ikusokoneza mabanja ambiri. Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zipatala zophunzitsira, ndipo mwina namwino wa kafukufuku adzabwera ndi fomu pabedi panu. Funso loyamba likhale ili: "Kodi tikakana, chithandizo chisintha?" Yankho loyenera ndi lakuti ayi. Kafukufuku ndi chithandizo ndi zinthu ziwiri, ngakhale zikuchitikira m'chipinda chimodzi ndi anthu ovala zofanana.

Lachiwiri, funsani kuti ndi kafukufuku wamtundu wanji. Wina ndi wongofunsa mafunso ndi kutenga malovu, magazi pang'ono kapena kanyama ka chotupa. Adzafunsa za fodya, kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini, mano, ndi kutentha kwa tiyi ndi phala. Musaone ngati akukunyozani. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena mu 2016 kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa ya kummero, ndipo lachita kafukufuku wotere ku Malawi, Tanzania ndi Kenya. Ife a ku Dedza, ndi kuzizira kwa June ndi July, tiyi timamwa akadali kufuka nthunzi, choncho funsolo ndi lathu ndithu. Yankhani zoona. Wakumwa kachasu akabisa chifukwa mkazi wake ali pambali, zotsatira zimapotoka. Apemphe kuti afunsidwe payekha.

Mtundu wina ndi woyerekeza njira ziwiri za chithandizo. Apa mvetsetsani bwino: nthawi zambiri amene amasankha gulu limene wodwala alowe si dokotala, si inunso, koma kompyuta, mwamaere. Amatero kuti magulu awiriwo afanane ndipo pamapeto zidziwike njira imene yathandizadi. Ngati mtima sukulola kuti maere agamule, kanani poyamba pomwe. Funsaninso zoopsa za njira iliyonse, maulendo angati obwerera ku Lilongwe, ndi amene adzalipire chithandizo wodwala akavulala chifukwa cha kafukufukuyo.

Fomu iyenera kukhala ya Chichewa, ndipo kope limodzi ndi lanu lopita nalo kunyumba. Yang'anani ngati palembedwa kuti kafukufukuyo wavomerezedwa ndi NHSRC, komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi nambala yoimbira mukakhala ndi dandaulo. Wosadziwa kulemba amadinda chala, koma pakhale mboni imene si ya m'gulu la ofufuzawo ndipo yamva zonse zikuwerengedwa. Ngati magazi kapena kanyama kadzasungidwa kapena kutumizidwa kunja, fomu inene, ndipo funsani ngati mungavomere zina n'kukana zimenezo. Kukambirana ndi amalume kapena mwini mbumba n'kwabwino, pemphani nthawi muimbe foni. Koma wosaina ndi wodwala mwini ngati ali wamkulu ndipo mutu ukugwira. Ndaonapo ana akukakamiza mayi awo chifukwa cha ndalama ya thiransipoti imene ofufuza amabweza, ndipo zimandinyansa. Ndalamayo ndi yobwezera ulendo basi. Amene wasaina akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa.

Mukabwerera kumudzi ndi stent, ntchito imagwera wophika. Yambani ndi zamadzimadzi, kenako phala losalala lothira nsinjiro, mkaka kapena dzira. Kachewere wathu wophika n'kupota bwino amatsika mosavuta, chimodzimodzi peyala ndi nthochi yakupsa. Nyama ya mitsempha, buledi, mango a ulusi ndi masamba osadula bwino zimatseka kapaipiko. Adye pang'onopang'ono kangapo patsiku, atakhala tsonga, akumwera madzi, ndipo asagone atangodya. Usiku mutu ndi chifuwa zikhale pamwamba kuti asidi wa m'chifu asabwerere. Chakudya chikaima, aleke kudya, amwe madzi ofunda kapena chakumwa cha gasi pang'ono, ayendeyende. Likadutsa tsiku osatseguka, kapena akayamba kutsokomola nthawi iliyonse akamwa, kapena kusanza magazi, pitani kuchipatala.

Ululu asaupirire. Funsani kliniki ya palliative care, yochepetsa ululu kwa odwala matenda osachizika, pachipatala cha boma, kumene amapereka morphine wamadzi. Amamwa maola 4 aliwonse monga mwalemberamo adokotala, osadikira kuti ululu uyambe, ndipo mutengeretu mankhwala ofewetsa chimbudzi chifukwa morphine amadzimbitsa.