Makalata a gulu agone pa seva, osati mu laputopu yokha

Ndinapita tsiku lina ku sikimu ina ya mthirira kufupi ndi Bangula kukathandiza mlembi wa komiti kulumikiza imelo pa laputopu yatsopano. Yakale inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Makinawo sanawadandaule kwambiri bambowo. Chimene chinkawawawa ndi makalata a ogula mpunga, mapangano ndi malisiti a zaka zingapo. Titatsegula bokosi lawo pa seva, kompyuta ya kampani yosunga imelo, tinapeza muli mbee, kungotsala a milungu iwiri yomaliza madzi asanafike. Amene anawalumikizira poyamba anasankha POP.

Pulogalamu ya imelo, kaya ndi Thunderbird, Outlook kapena ya mu foni, imakupatsani njira ziwiri zolandirira makalata. POP imagwira ntchito ngati mthenga wotumidwa ku positi ofesi: amatsegula bokosi, kutola zonse, kubwera nazo kunyumba. Mapulogalamu ambiri amasiya kope pa seva kwa masiku 14 okha, kenako amafufuta. Makalata amene inu mwatumiza kawirikawiri sapita n'komwe ku bokosilo, amakhala m'makina anu basi. IMAP ndi yosiyana: makalata amakhala pa seva, laputopu imangowaonetsa. Makina akanyowa, akabedwa kapena akafa ndi kutentha kwa mu Okutobala, mubwereka ena, mulowetsa mawu achinsinsi, zonse zili pompo. Kuno kuchigwa, kumene Shire ndi Ruo sizipempha chilolezo polowa m'nyumba, ine sindilangizanso munthu kuti asankhe POP.

Koma samalani: ndi IMAP, mukafufuta kalata pa foni, yafufutikanso pa laputopu ndi kwa wapampando. Gulu ligwirizane kuti wofufuta ndi mmodzi.

Tsono manambala. Pulogalamu ikalephera kudzipezera yokha, sankhani kulemba pamanja. Pa makalata obwera lembani dzina la seva. A Gmail ndi imap.gmail.com, port (nambala ya khomo lolowera pa seva) 993, chitetezo SSL/TLS. Pa makalata opita, amene amadutsa njira yotchedwa SMTP, ndi smtp.gmail.com, port 465 ndi SSL/TLS, kapena 587 ndi STARTTLS. Nambala ndi chitetezo chake zimayendera limodzi ngati ng'ombe ziwiri pa goli: mukaphatikiza 587 ndi SSL/TLS, pulogalamu imangozungulira mpaka kutopa. Port 25 isiyeni, makampani ambiri a intaneti anaitseka pofuna kuchepetsa makalata achinyengo. Ngati imelo yanu ili ndi dzina la bungwe lanu, dzina la seva mufunse kwa amene amakusungirani, musalote. Ndipo pamalo a dzina lolowera lembani adiresi yonse, ndi chizindikiro cha @ chomwe. Ambiri amalekera theka.

Pali dandaulo limene ndimalimva kuyambira ku Nchalo mpaka ku Nsanje boma: "Alangizi, ndikulandira koma zanga sizikupita." Pamenepo musavutike ndi mbali yolandirira, ili bwino. Vuto lili pa SMTP, ndipo kawirikawiri ndi lakuti simunauze pulogalamu kuti potumizanso izilowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi omwewo.

Mawu achinsinsi akakanidwa pamene mukudziwa kuti ndi olondola, musafulumire kuwasintha. Kuyambira mu 2022, Google inaleka kulola mapulogalamu kulowa mu Gmail ndi mawu achinsinsi wamba. Mu Thunderbird sankhani njira ya OAuth2. Itsegula tsamba la Google, mulowe momwemo, muvomereze. Pulogalamu yakale yosadziwa njirayi imafuna app password (mawu achinsinsi apadera a pulogalamuyo), ya zilembo 16, imene mumaipanga mu akaunti yanu mutayamba mwatsegula chitetezo chotsimikiza kudzera pa foni. Nambala ya foniyo ikhale ya gulu, osati ya mwana wa mlembi amene mawa asamukira ku Joni.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi wotchi. Ku Ngabu ndinataya theka la tsiku ndi kompyuta ya pa desiki imene inkakana seva, ikudandaula za certificate, chiphaso chotsimikiza kuti sevayo ndi yeniyeni. Ndinasintha manambala onse, osatheka. Poyang'ana pakona ya sikirini, tsiku linali la zaka khumi zapitazo. Kabatire kozungulira ka mkati, kaja konga ndalama yachitsulo, kanatha mphamvu, ndiye magetsi akangothima wotchi imabwerera m'mbuyo. Seva ndi kompyuta zikasiyana tsiku chotero, chitetezo sichimangika. Konzani tsiku, gulani kabatire ka CR2032, nkhani yatha. Ndipo uthenga wochenjeza wotere musamangoudina kuti upitirire.

Za bandulo: polumikiza koyamba, IMAP imafuna kukoka makalata onse, ndipo bokosi la Gmail limafika 15 GB. Ngati intaneti mukutenga pa foni, uzani pulogalamu isunge a masiku 30 apitawa okha. Akale muziwatsegula mukawafuna.

Musananyamuke pampando, dzitumizireni kalata nokha. Ikafika, tengani foni ya msungichuma, lowani mu akauntiyo, muone ngati kalatayo ikuoneka m'bokosi la zobwera ndi la zotumizidwa. Kenako lembani mayina a seva ndi manambala aja kuchikuto kwa kaundula wa gulu, mawu achinsinsi okha muwasunge padera, ndipo kaundulayo mumukulunge m'pulasitiki mvula isanayambe.