BMS ikudya magetsi: yambirani apa

Achimwene, mwati batire lanu la maselo a 18650 (timabatire ta lithium) ochotsa m'malaputopu akale a ku Limbe limafooka mukangolumikiza chinthu. Musathamangire kugula BMS ina (kabolodi koteteza batire potchaja ndi poligwiritsa ntchito).

1. Yatsani babu kapena fani pa batirelo, muyeze mavoti ndi multimeter pa BMS pakati pa B- (polumikizira negativi ya maselo) ndi P- (negativi yotulukira ku babu kapena fani). BMS yabwino imangotaya mamilivoti ochepa.

2. Mukapeza pafupifupi 0.6V, MOSFET (switchi yamagetsi ya pa BMS) yotchajira yatseka, magetsi akudutsira mu diode yake (kanjira kodutsa magetsi mbali imodzi yokha); kawirikawiri gulu lina la maselo (olumikizidwa pamodzi, + kwa + ndi - kwa -) lapyola 4.2V. Yezani gulu lililonse palokha, chifukwa maselo akale sakhala ofanana. Magetsi akazimiratu, funani gulu lotsikitsitsa, kenako lumikizani chaja kuti BMS idzuke.

3. Maselo akakhala bwino, khudzani mawaya ndi pomwe munawotcherera. Pamene pakutentha ndi pomwe magetsi akuthera. Waya woonda musinthe, ndipo poyeza samalani kuti + ndi - zisagundane.