Mmene mungayezere kusintha kwa maganizo a anthu m'dera lanu

Mabungwe ambiri ogwira ntchito ku Mchinji, kuyambira magulu a mipingo mpaka makomiti a chitukuko a ADC, amalemba m'malipoti awo kuti maganizo a anthu asintha pa nkhani monga maukwati a ana, koma akafunsidwa kuti asintha kuchoka pati kufika pati, yankho limasowa. Kusintha sikungaoneke pa kafukufuku mmodzi. Kumaoneka pamene funso lomwelo lafunsidwa kangapo, mwa njira yomweyo, m'zaka zosiyana. Wogula soya pa Kamwendo akasintha sikelo pakati pa sabata, sangathenso kunena ngati matumba a lero alemera kuposa a dzana, ndipo ndi chimodzimodzi ndi wofufuza amene amasinthasintha mafunso ake.

Choncho ntchito yoyamba, imenenso iyenera kukutengerani nthawi yambiri, ndiyo kulemba funso limene mudzakhale nalo kwa zaka khumi kapena kuposa osalikhudza. Tiyerekeze kuti chaka chino mwafunsa kuti, "Kodi n'koyenera kuti mtsikana akwatiwe asanakwanitse zaka 18?" ndipo patatha zaka zitatu wina mu ofesi walikonza kuti, "Kodi n'kololedwa kuti mtsikana akwatiwe asanakwanitse zaka 18?" Funso loyambalo likufuna maganizo a munthu, pamene lachiwirilo likungoyesa ngati munthuyo akudziwa lamulo, pakuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wochepera zaka zimenezo. Mayankho adzasiyana kwambiri, ndipo mudzalengeza kusintha kumene kwachitika pa pepala lanu lokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba idayamba kuchita mu 1992, amasunga mwambo umenewu. Kuyambira mu 2000 wakhala akufunsa ngati mwamuna ali ndi chifukwa chomveka chomenyera mkazi wake pa zinthu zisanu zomwezo: akapsereza chakudya, akakangana naye, akachoka pakhomo osatsanzika, akalekerera ana, kapena akakana kugona naye. N'chifukwa chake tingathe kuona kuti amayi ovomereza chimodzi mwa zifukwazi, amene mu 2000 adali oposa atatu pa khumi alionse, adatsika kufika pa 16 pa 100 alionse mu 2015-16. Funso latsopano likafunika, liwonjezereni kumapeto ndipo lakale lisiyeni pamalo pake.

Kenaka pakubwera kusankha anthu oti afunsidwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chofuna kupeputsa ntchito. Kukaonekera kwa a DC ndi kwa mafumu n'kofunika, koma musapemphe a nyakwawa kuti akusonkhanitsireni anthu pansi pa mtengo, pakuti amene amabwera mofulumira ndi a m'makomiti, amene adamva kale mayankho okondweretsa mabungwe. Midzi isankhidwe mwa maere, mabanja m'mudzimo asankhidwe mwa maere, ndipo ngakhale pakhomo pamene mwafika, woyankha asakhale amene wakulandirani ndi mpando ayi, koma amene maere amugwera. Afrobarometer, imene yakhala ikufunsa Amalawi za demokalase ndi ulamuliro kuyambira 1999, ndipo ntchito yake m'dziko muno imagwiridwa ndi Centre for Social Research ya ku University of Malawi, imagwiritsa ntchito mapu a kalembera wa dziko posankha madera, ndipo ofunsa ake amasinthanitsa: khomo ili bambo, khomo lotsatira mayi.

Muyeneranso kusankha ngati mudzabwerera kwa anthu omwewo kapena mudzachita maere atsopano ulendo uliwonse. Maere atsopano amakuuzani mmene anthu a m'dera lonse akuganizira pa nthawiyo, koma sakuuzani chimene chachititsa kusinthako, chifukwa chiwerengero chingathe kusuntha popanda munthu ngakhale mmodzi kusintha mtima, kungoti okalamba amwalira ndipo achinyamata amene adakulira m'sukulu za ulere za 1994 alowa m'malo mwawo. Kubwerera kwa anthu omwewo ndi kumene kumaonetsa ngati munthu wasinthadi. Mchinji ili ndi chitsanzo chake pa zimenezi, chifukwa ndi limodzi mwa maboma atatu, pamodzi ndi Rumphi ndi Balaka, kumene kafukufuku wotchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health wakhala akutsatira mabanja omwewo kuyambira 1998, poyamba pa nkhani za kulera ndi Edzi. Mu 2006 ofufuzawa adayamba kugwiritsa ntchito nyemba khumi: woyankha amaika m'mbale nyemba zochuluka molingana ndi mmene akuonera kuti chinthu chingachitike, kotero kuti mbale yopanda kanthu ikutanthauza kuti sichingachitike konse, ndipo nyemba zonse khumi zikutanthauza kuti chichitika ndithu. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo gogo amene sadapite kusukulu amaimva msanga kuposa mawu akuti "ndikuvomereza pang'ono". Vuto la kutsatira anthu omwewo ndi lakuti amabalalika. Wina wawolokera ku Zambia, wina wapita kukalima fodya m'maesiteti a ku Kasungu, wina ukwati watha ndipo wabwerera kwawo, ndipo amene amatsala m'mudzi kawirikawiri si ofanana ndi amene achoka. Lembani dzina la mudzi wa makolo a woyankha ndiponso wachibale amene angadziwe kumene ali, ndipo pepala limeneli lisungidwe padera, kutali ndi mayankho.

Nyengo nayo isasinthe. Munthu wofunsidwa za boma mu February, nkhokwe itauma ndipo chimanga chitakwera mtengo pa msika wa Kapiri, sayankha monga mmene angayankhire mu June atagulitsa mtedza. Ngati mudayamba mu June, bwererani mu June. Onetsetsaninso kuti ofunsa anu savala malaya a bungwe limene limaphunzitsa za nkhani yomweyo, ndiponso kuti mayi akufunsidwa payekha, amuna ake kapena apongozi asali pafupi. A Afrobarometer amatsiriza ndi kufunsa woyankha kuti akuganiza kuti wawatuma ndani, ndipo ambiri amatchula boma. Funso limenelo n'loyenera kulibwereka, chifukwa limakuthandizani kudziwa ngati anthu amayankha mwamantha.

Zotsatira zikabwera, musafulumire kupita nazo ku wailesi. Kafukufuku wa anthu 1,200 osankhidwa mwa maere angathe kuphonya ndi atatu pa 100 alionse, mokweza kapena motsitsa, ndipo wa anthu 400, amene bungwe laling'ono lingakwanitse, angathe kuphonya ndi asanu. Choncho ngati mwa anthu 400 otsutsa maukwati a ana adali 62 pa 100 ndipo ulendo wachiwiri afika pa 66, simunapeze umboni wa kusintha kulikonse. Dikirani ulendo wachitatu muone ngati chiwerengerocho chikupitirirabe kukwera. Kumbukiraninso kuti mwayeza zimene anthu akunena, osati zimene akuchita, kotero ndi bwino kuyerekeza zotsatira zanu ndi kaundula wa atsikana osiya sukulu amene aphunzitsi aakulu amasunga.

Pepala la mafunso m'Chichewa chake chenicheni, mndandanda wa midzi, masiku amene mudayenda ndi chiwerengero cha amene adakana kuyankha zisungidwe m'malo awiri, mu fayilo ya pepala ndi pa kompyuta, chifukwa amene adzatsogolere ulendo wachitatu mwina sadzakhala inu.