Momwe mungapangire mapu a malo oopsa a likodzo ndi zithunzi za satelayiti

Likodzo limayenda ndi nkhono za m'madzi odekha, ndiye ukadziwa komwe madzi amakhalitsa wadziwa kale komwe ana angalitengere. Kafukufuku wa m'masukulu wa 2010 mpaka 2011 anapeza kuti ana pafupifupi 23 pa 100 alionse muno mu Zimbabwe anali nalo, ndipo kuyambira 2012 boma limagawa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel m'masukulu, koma mwana akamwa mankhwala nkubwereranso m'chithaphwi chomwecho, basi walitenganso.

Yambani ndi Google Earth pa foni, ndi yaulele. Tsatirani mtsinje wa Mukuvisi kapena wa Marimba ku Harare mpaka kukafika ku Lake Chivero, muziika chizindikiro paliponse pali dambo, dziwe, kapena maenje amene anthu anasiya atakumba mchenga ndi dothi loumbira njerwa.

Kenako tsegulani Copernicus Browser, webusaiti ya zithunzi za satelayiti, pa kompyuta, lembetsani, sankhani satelayiti ya Sentinel-2. Satelayiti imeneyi imajambula malo omwewo masiku 5 alionse ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi ndi mamita 10. Dinani NDWI, njira yoonetsera madzi pa chithunzi, madzi aoneka mtundu wawokha. Osataya bandulo ndi zithunzi za Januwale, mitambo yokhayokha. Tengani cha Epulo mvula itangosiya ndi china cha Okutobala dzuwa litaswa mtengo, malo amene ali ndi madzi pa zithunzi zonse ziwiri ndi amene mukufuna chifukwa nkhono zimakhala kumeneko chaka chonse ndipo nthawi yotentha ana onse amathamangira komweko.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Namasupuni akaphimba madzi ngati mmene amachitira ku Chivero, satelayiti imangoona zobiriwira nkumati ndi munda, komanso kamtsinje kopapatiza sikaoneka nkomwe. Nkhononso yake siingaoneke kuchokera kumwamba. Ndiye pitani ndi miyendo, valani magambuti ndi magolovesi, osaponda m'madzi musanavale zimenezi makamaka masana dzuwa lili paliwombo poti ndi nthawi imene tizilombo ta likodzo timatuluka kwambiri mu nkhono. Tembenuzani masamba a m'madzi ndi kasefa, nkhono ya Bulinus imene imafalitsa likodzo lokodzetsa magazi ndi kakang'ono, imamatirira kunsi kwa tsamba. Jambulani, sungani GPS, lembaninso ngati pali mwala wochapira kapena kanjira kotsikira ana.

Zonsezo lowetsani mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, nayonso yaulele. Ikani masukulu, zungulizani kilomita imodzi pa malo alionse mwapeza nkhono, muone sukulu zimene zagwera mkati. Mukapeza manambala a odwala, akhale a dera lonse, dzina la mwana kapena nyumba yake zisaoneke pa mapu. Mapuwo kaperekeni kwa a zaumoyo a pa kiliniki ya kwanuko, iwo ndi amene angayeze mkodzo wa ana nkutsimikiza.