Musagule nyumba podalira mawu a ejenti yekha

Ejenti wongoyamba kumene sakhala wakuba nthawi zonse. Vuto lake n'lakuti maso ake ali pa komishoni, ndipo mapepala sawadziwa. Akuonetsani nyumba ku Area 49 kapena ku Machinjiri, matailosi akunyezimira, koma mukamufunsa ngati malowo ndi a lizi (obwerekedwa kwa zaka zoikika) kapena a mfumu, ayamba kukanda mutu.

Musanapereke ngakhale dipoziti, tengani nambala ya puloti mupite nayo ku ofesi ya Lands mukafufuze nokha. Kumeneko mukaona dzina la mwini weniweni, zaka zotsala pa lizi, komanso ngati nyumbayo ili pachikole ku banki. Dzinalo lifanane ndi la pachiphaso cha amene akugulitsayo.

Nyumba za masiye ndiye zimaliza anthu kwambiri. Mwana mmodzi akhoza kugulitsa abale ake osadziwa, inu n'kulowamo, kupenta, kenako samani ya kukhoti n'kukupezani. Funsani chikalata cha khoti chopatsa munthuyo mphamvu yoyang'anira chuma cha malemu. Ejenti wosazolowera saganiza n'komwe zofunsa zimenezi.

Ngati nyumbayo inali ya Malawi Housing Corporation, kafunseni konko ngati inamalizidwa kulipiridwa. Ku khonsolo kaoneni ngongole ya mareti (msonkho wa malo ndi nyumba), musaiwalenso mabilu a madzi.

Mukapita kukaiona, chezani ndi oyandikana nawo. Iwo ndi amene angakuuzeni ngati madzi amalowa m'nyumbamo nthawi ya dzinja, kapena ngati pali mkangano wa malire. Ndalama idutse kwa loya wanu kapena kubanki, osati m'manja mwa ejenti.