Galimoto Yozima pa Gasi Koma Yoyenda Bwino pa Petulo

Galimoto yanga imayendera petulo komanso gasi wa LPG. M'mawa wozizira wa Juni, ndikangosinthira ku gasi pa Great East Road, injini inkatsamwa n'kuzima. Nditatsegula boneti ndinapeza reducer, kachipangizo komwe gasi amasandukiramo nthunzi asanalowe mu injini, itachita chisanu. Gasi amatuluka m'thanki ali wamadzi, ndipo madzi otentha a injini ndiwo amamusandutsa nthunzi. Propane, yomwe imapezeka mu gasi wa LPG, imawira pa -42°C, ndiye madziwo akasiya kufika, reducer imaundana msanga. Paipi yopita kumeneko inali yozizira pomwe radiyeta ikutentha: madzi anachepa, mpweya n'kulowa. Ndinadikira injini izizire, ndinathira madzi, ndinatulutsa mpweyawo, n'kusinthanso fyuluta yomwe inada bii. Polumikizira ponse ndinapaka thovu la sopo kuti ndione podontha. Machesi ayi, abale. Tsopano galimoto ikusinthira yokha ku gasi osatsamwa.